Chipinda Chimene Alendo Salowamo

Lolemba m'mawa amalume anafika kwathu ku Ndirande akukankha njinga, pakaliyala atamangirira chitini chachikulu cha penti. Amagwira ntchito kumafakitale a ku Makata, ndipo zinthu zotere amadziwa kozipeza motchipa. Anachitula pakhonde n'kupukuta thukuta ndi chipewa.

"Loweruka kuno kubwera anthu," anatero. "Nyumba ioneke."

Loweruka likubwerali kuli chinkhoswe cha achemwali anga, a Esnati. Akuchimuna ndi a ku Naperi, kunyumba zamagetsi ndi mipanda ya maluwa. Chimvereni dzina la Naperi, amayi sakukhala pansi.

Ndinatsegula chitinicho ndi msomali. Kirimu.

Ndinene mosazungulira: penti wa kirimu ndimadana naye. Si woyera, si wachikasu, wangokhala pakatikati ngati munthu amene pamlandu amavomereza mbali zonse. Ndipo khoma lililonse limene linandikanapo m'moyo uno linali la kirimu. Ofesi ya ahedi, kumene anandiuza ndili Fomu 2 kuti ndizipita kwathu mpaka fizi itapezeka, inali ya kirimu. Fiziyo sinapezeke. Maofesi a ku Makata, kumene ndimaima pamzere kudikira kalaliki atuluke adzanene kuti ntchito palibe, ndi a kirimu. Kuchipatala, kirimu. Kupolisi sindinalowemo, koma amene analowamo amati ndi yemweyo.

Komabe ntchito yopaka inagwera ine, poti ndimagwirako maganyu opaka penti akapezeka. M'nyumba iliyonse, amene sali pantchito ndiye mwini ntchito zonse.

"Upake pabalaza," anatero amayi. "Ukamaliza ubwereze. Wotsala upake khoma loyang'ana kumsewu."

"Nanga zipinda?"

"Zipinda zatani? Alendowo akubwera kudzagona?"

Ndinatulutsa mipando, kabati ndi wailesi. Chithunzi cha Mtsogoleri wa dziko ndinachitsitsa ndi manja awiri, n'kuchibwezeretsa pamwamba pa zonse khoma litangouma. Pofika masana pabalaza panali patatha. Zenera la pabalaza pathu linayang'anizana ndi khoma la aneba, dzuwa sililowa, ndiye pentiyo anaoneka monga ndimamudziwira: wozizira, ngati envelopu ya boma. Kunangosowa benchi ndi munthu wokuuza kuti ubwere mawa. Amayi anakondwa. M'chitini munatsala penti wambiri.

Madzulo ndikutsuka bulashi, achemwali anabwera kuchokera ku Limbe kumene amagulitsa m'sitolo. Anaima pafupi nane osavula ndi nsapato zomwe.

"Layisoni, abambo akuti Loweruka satuluka."

Apa ndikuuzeni za abambo anga, a Namakhwa. Anagwira ntchito m'migodi ku Joni, ndipo nyumba yathuyi, ya njerwa zowotcha ndi malata, inachokera kumeneko. Chifuwa chawo chinachokeranso komweko. Anagona m'chipatala nthawi yaitali. Adokotala anawatulutsa n'kunena kuti matendawo sangapatsirenso munthu, angofunika kudya bwino ndi kupuma mpweya wabwino. Koma anabwerako ataonda. Munthu amene ankanyamula thumba la simenti paphewa akuimba mluzu, lero lamba amamuboola mabowo atsopano.

Chibwerereni, analowa m'chipinda chawo n'kutseka. Amatuluka m'mamawa kupita kuchimbudzi anthu asanadzuke, basi. Chipindacho sichinapakidwepo chimangireni nyumba. Pulasitala wake anada ndi mwaye wa koloboyi, kazenera anakatseka ndi chiguduli, ndipo iwo amagona atayang'ana kukhoma.

"Amayi akuti chiyani?" ndinafunsa.

"Akuti tingotseka chitseko, wailesi tikweze, alendo asamve kutsokomola."

"Nanga eni ake?"

"Akuti chinkhoswe n'cha amalume, bambo alibe mawu."

"Sakunama."

"Ine sindikufuna mawu awo," anatero achemwali. "Ndikufuna akhale pampando. Anthu aja adziwe kuti ndili ndi bambo."

Anatembenuka n'kulowa m'nyumba ndisanawaone kumaso.

Tiyeni tikambe zoona, inu ndi ine. Yendani mu Ndirande muno, pitani ku Bangwe, ku Zingwangwa, ku Chilomoni. Khoma loyang'ana kumsewu mulipeza lopakidwa bwino, mwina ndi mzere wakuda m'munsi. Zungulirani kuseri. Njerwa zili poyera, pulasitala sanafikeko.

Lowani m'nyumba. Pabalaza pali mbee, madoilo pamipando, mbale zagalasi zili m'kabati kudikira mlendo pamene ana akudyera m'mbale zachitsulo zosupuka. Tsopano kankhani chitseko cha kuchipinda. Mdima. Komatu m'menemo ndi mmene mwini nyumba amagona, mmene amadwalira, mmene amaganizira za mawa. Kodi iyeyo maso alibe?

Timati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Chabwino, timulandire bwino. Koma ndani anamangapo nyumba chifukwa cha mame?

Ndipo si makoma okha amene timasiya kuseri. Mwana wolumala, alendo akafika, timamutengera kukhitchini. Mtsikana akatenga mimba ali pasukulu timamukweza basi ya kumudzi. Ineyo ndimazidziwa bwino zimenezi. Mlendo akangofunsa kuti Layisoni ali fomu yanji tsopano, amayi amakumbukira mwadzidzidzi kuti mchere watha, ndithamangire kugolosale. Mchere wa m'nyumba mwathu umatha alendo akabwera.

Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Kwathu kuno m'kati mulibe nyerere. Muli anthu athu.

Kutacha ndinawapeza amayi akupeta mpunga.

"Pabalaza sindibwereza. Ndikukapaka kwa abambo."

Anasiya kupeta. "Wapenga? Penti ameneyu anabweretsa amalume ako ndi wa chinkhoswe."

"Pabalaza pakwanira. Ngakhale tibwereze mpaka chitini chithe, a ku Naperi satiyesa anzawo."

"Iwe umangolankhula. Sunaimepo pampopi azimayi akusuntha ndowa zawo kuti zisagundane ndi yako. Sunaonepo mlendo akukana madzi m'nyumba mwako, akuti ndamwa kale. Ndikungofuna tsiku limodzi anthu alowe muno osatimvera chisoni. Ndalakwa?"

Sanalakwe. Ndi iwo amene ankayenda wapansi kupita kuchipatala ndi phala m'kontena. Ndi iwo amene amachapa, kuphika, kumva chifuwacho tsiku ndi tsiku. Munthu wotere akafuna khoma lowala, simungamuseke.

"Simunalakwe," ndinatero. "Koma ndikupakabe."

"Kawauze wekha. Akakutukwana usabwere kwa ine."

Ndinagogoda n'kulowa. Maso anatenga kanthawi kuti azolowere.

"Abambo, mawa ndikupaka muno."

Sanatembenuke. "Kapake kwa alendo."

"Kwa alendo ndapaka kale."

"Wamtundu wanji?"

"Kirimu."

Apo anatembenuka. "Ndagona m'chipatala ndikuyang'ana khoma la kirimu. Mnzanga wa bedi la kumanja anamutulutsa atamufunditsa kumutu. Wa kumanzere chimodzimodzi. Lero ukufuna chipatala chinditsatire m'nyumba imene ndinamanga ndekha?"

Ndikanayankha chiyani, poti mtunduwo inenso ndimadana nawo? Koma kuleza mtima si mphatso yanga.

"Inenso sindimukonda. Koma ndi amene alipo. Muno mwada, abambo. Mgodi munausiya ku Joni, bwanji mwadzaukumbanso kuno?"

"Pakamwa pakopo ndi pamene panakuchotsa sukulu."

"Inandichotsa ndi fizi."

Tonse tinkadziwa kuti fizi inasowa chaka chimene iwo anagwa. Anatsokomola, ndinawapatsira madzi, anamwa.

"Fungo la penti lindipha," anatero.

"Ndi wamadzi, sanunkha kwambiri. Komabe mutuluke mpaka aume."

"Nditulukire kuti?"

"Panja."

Anayang'ana kudenga. "Kuseri. Kumaso ayi."

M'mawa mwake ndinaika mpando wawo kuseri, pansi pa mtengo wa papaya, n'kuwagwira mkono mpaka anakhala. Anafunda bulangete mpaka m'khosi ngakhale kunali kutayamba kale kutentha.

Chimene anaiwala abambo n'chakuti ku Ndirande kulibe kuseri. Kuseri kwako ndi kumaso kwa mnzako. Kuseri kwathu kunayang'anizana ndi khonde la Che Amidu, telala, mnzawo wakalekale wa abambo. Tsiku lonse amakhala pamenepo ndi makina awo osokera, kupatula nthawi yopita kumzikiti.

Makina anasiya kulira.

"Kodi ndikuona mzukwa kapena a Namakhwa?"

"Mzukwa ukanayambira inu, Che Amidu," abambo anayankha. "Munandisokera thalauza la mwendo umodzi wautali."

"Thalauza linali bwino. Mwendo wanu ndiwo waufupi."

Che Amidu anawoloka kangalande kamene kali pakati pa nyumba zathu, tepi ili m'khosi, n'kuima patsogolo pawo.

"Simunabwere kudzandiona," anatero abambo.

"Ndinabwera, anati mwagona. Ndinabweranso, mwagona. Ndinati munthu uyu akugona kuposa khanda, ndimusiye akule." Anawayang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Mwaonda, achimwene."

"Ndikudziwa."

"Basi, ndanena, zatha. Iwe Layisoni, katenge bawo pakhonde pangapo. Ndipo tsitsi lakolo likafika pakolala, apolisi akumeta ulele."

Mawu amene abambo anawathawa nthawi yonseyi ananenedwa masana, pamaso pawo, ndipo denga silinagwe. Ndinabweretsa bawo.

Chipinda chija chinali ntchito. Ndinatulutsa bedi ndi sutikesi, n'kung'amba chiguduli cha pazenera. Ndinayamba ndatsuka makoma ndi madzi a sopo, chifukwa ukapaka pamwamba pa mwaye penti amasanduka matope. Madzi ake ankatuluka akuda ngati a m'ngalande. Ndili mkati, mawu analowera pazenera.

"Iwe, yambira kumwamba. Ukayambira pansi adonthera pamene wamaliza."

"Ndikudziwa, abambo."

"Usamuthire madzi ambiri, si tiyi ameneyo."

"Ndamva."

"Pakona apo wasiya."

"Mukuona bwanji muli panja?"

"Ndimakudziwa."

Zonsezo ndimazidziwa, ndipo tsiku lina ndikanayankha zoti zindibweretsere mavuto. Koma kanali koyamba kuwamva akukalipa chitulukireni m'chipatala, ndiye ndinasiya dala pakona pena kuti apeze chonena. Pakati pa kukalipako ndinkamva Che Amidu akuwanena kuti akuba pabawo. Mayi wina wogulitsa mandasi anaima kuwapatsa moni. Kenako bambo wina wa kutchalitchi kwathu. Palibe amene anathawa. Pofika masana bulangete lija linali litatsikira m'miyendo.

Usiku umenewo abambo anagona pabalaza kuti chipinda chiume. Kutacha ndinalowa m'chipindamo kukaona ngati pakufunika kubwereza, ndipo ndinaima pakhomo.

Kazenera ka abambo kanayang'ana kuphiri, kumene dzuwa limatulukira. Zaka zonsezi kuwala kunkalowa pamenepo n'kumezedwa ndi khoma lakuda. Tsopano kunagunda khoma lina, khomalo n'kukuponyera ku linzake, mpaka pansi pa denga. Mtundu wake sunali wa envelopu ya boma. Unali ngati chimanga chachiwisi chongosenda kumene.

Chitini chimodzimodzi. Bulashi imodzimodzi. Dzanja langa lomweli.

Abambo anabwera pang'onopang'ono atagwira khoma. Anasuzumira.

"Wathiramo chiyani?"

"Palibe. Ndi yemwe uja."

"Si wakuchipatala uyu."

"Ndi yemweyo, abambo."

"Ndati si wakuchipatala. Ndinagonako ndine kapena iwe?"

Amayi anafika ndi kapu ya tiyi m'manja. Anayang'ana uku ndi uku. "Kani chipindachi n'chachikulu chonchi?" Kenako maso awo anagwera pa mabulangete amene ndinali nditawaunjika pakhomo, ndipo poti tsopano zinthu zinkaoneka, anawanyamula onse kupita nawo kukachapa.

M'chitini munali mutatsalabe pang'ono. Amayi atabwerako anakumbutsa za khoma la kumsewu.

"Msewu sugona muno," anatero abambo. "Apake kukhitchini kwanuko, mayi a Esnati. Wotsala apake kumene amagona iyeyu."

Ine ndimagona m'kachipinda kogundizana ndi khitchini, pamodzi ndi matumba a makala. Sindinkadziwa kuti abambo amakaganizira. Ndinangonyamula chitini.

Kukhitchini penti yemwe uja anaonekanso mwina. Chifukwa cha moto wa mbaula anafiirira ngati tiyi wamkaka. Utsi udzamugonjetsa, ndikudziwa, koma pakali pano amayi akutha kuona mwala mu mpunga osatulukira panja. M'kachipinda kanga anafika atasungunuka kwambiri, pulasitala akuonekera pena ndi pena. Ngakhale choncho, koloboyi mmodzi tsopano akuwalitsa ngati awiri, ndipo nkhani mukuwerengayi ndalembera mmenemo osatsinzinira.

Ndiye ndaphunzirapo chiyani? Kuti ndizikonda kirimu? Ayi. Ndikadutsa pa ofesi ya ahedi ndimayang'anabe kumbali. Koma ndaona kuti amene anandikana sanali khoma. Anali munthu wokhala patsogolo pa khomalo. Penti wotuwa chonchi alibe zonena zake. M'chipinda chozizira amazizira, m'chipinda cholowa dzuwa amaseka.

Kwa inu amene mukufuna kupaka nyumba, ndikuuzeni zimene ndaona ndi maso. Nyumba zathu za m'makomboni zili ndi mazenera aang'ono ndipo zinathithikana. Buluu wakuda ndi girini amene timakonda kupaka m'zipinda kuti litsiro lisaoneke amadya kuwala konse. Litsiro silioneka, inde, koma nanunso simuoneka. Pakani wotuwa. Tsukani mwaye musanayambe. Ndipo ngati chitini chili chimodzi, musachithere pabalaza. Yambirani m'chipinda chimene muli munthu amene amakhalamo tsiku lonse. Alendo apatseni wotsala. Sadzadziwa, ndipo akadziwa n'kukhumudwa, amenewo si alendo oti muwapatse mwana wanu.

Musandimve molakwa. Penti si mankhwala. Abambo akutsokomolabe, ndipo lamba uja sanabwerere pabowo lakale. Mwinanso chimene chinathandiza si pentiyo koma fungo lake, limene linawatulutsa panja. Mwina ndi pakamwa pa Che Amidu. Sindine dokotala, Fomu 2 sindinamalize. Chimene ndikudziwa n'chakuti chipinda chitauma n'kukhala chokongola, iwo sanafune kugonamo masana. Anati mpando ubwerere pansi pa papaya, ali ndi munthu woti amuphunzitse bawo.

Dzulo madzulo achemwali atafika kuchokera ku Limbe anawapeza pomwepo. Anagwada kuwapatsa moni.

"Esnati, anthu akowo akufika nthawi yanji?"

Achemwali anayang'ana ine, kenako iwo. "Masana, abambo."

"Akudziwa kuti ndinadwala?"

"Akudziwa."

"Ndiye sadabwa." Analoza kuchipinda. "M'sutikesi muli jekete langa lakuda. Litenge upite nalo kwa Che Amidu. Likhala likundikulira tsopano."

Achemwali anadzuka msanga ngati akuopa kuti asintha maganizo. Atatuluka nalo jeketelo, atalikumbatira pachifuwa, abambo anawaitananso.

"Uwauze apinde m'kati, asadule. Ndidzanenepanso."

Khoma lathu la kumsewu likadali losapaka, ndipo a ku Naperi aliona choncho Loweruka. Koma akalowa pabalaza apeza bambo wa mkwatibwi ali pampando, wailesi ili yotseka.

Nanga kwanuko, chitseko chimene mumathamangira kukatseka mlendo akagogoda, kuseri kwake kuli ndani?